Kacheze ndi a ku ofesi yolemba ophunzira musanadzaze fomu ya udokotala

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, foni yanga siyipuma. Ndaphunzitsa Biology zaka zambiri, ndiye ana ndi makolo omwe amaganiza kuti kiyi wa ku sukulu ya udokotala ndimayenda naye m'thumba. "Sala, ndakhoza ndi mapointi 12, ku College of Medicine anditenga?" Ambirife timaitchulabe choncho, ngakhale kuti kuyambira mu 2021 sukuluyi inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences, yomwe timangoti KUHeS. Yankho langa limawagwetsa ulesi: wosankha si ine, ndipo zimene amalume ako anaona pa nthawi yawo zinasintha kalekale. Amene ali ndi yankho la chaka chino amakhala pa desiki mu ofesi ya Registrar, yolemba ophunzira, ndipo palibe lamulo loletsa kukawafunsa.

Ochepa kwambiri amapita. Ena ndi manyazi, ena amaganiza kuti kumeneko kumafika ana a mabwana okha. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Nazi njira zimene ndimawauza ana anga kuti atsate.

Choyamba: dziwani chimene mukupitira, ndi chimene simukupitira

Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya. Simukupita kukapempha malo. Simukupita kukaonetsa nkhope kuti tsiku losankha adzakukumbukireni. Ophunzira ochokera ku sekondale amafunsira malo m'mayunivesite a boma kudzera ku National Council for Higher Education, bungwe la NCHE, ndipo chimene chimalankhula kumeneko ndi magiredi anu. Mayi amene mukawapeze pa desiki sangakuwonjezereni pointi ngakhale imodzi, kaya muwamvetse chisoni chotani.

Chimene mukupitira ndi ichi: kuti munthu wodziwa malamulo a chaka chino ayang'ane mapepala anu n'kukuuzani pamene pali bowo, nthawi yosoka bowolo ikadalipo.

Ndinali ndi mtsikana wina m'kalasi mwanga, wanzeru ndithu, wosajomba. Mapointi ake onse pamodzi anali okongola, mudzi wonse unamuimbira nthungululu. Koma mapointiwo anakongoletsedwa ndi Chichewa, Geography, Agriculture ndi Bible Knowledge. Ku Chemistry anapeza 7. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi krediti, pamene 7 ndi 8 ndi kungodutsa chabe. Iye sanaone vuto. Anadzaza fomu, anaika udokotala pamwamba, n'kukhala pakhomo kudikira. Mayina atatuluka, lake munalibe, ndipo nthawi yolembetsa kuti abwereze mayeso ku MANEB inali itatha. Chaka chathunthu chinapita chifukwa cha funso limene munthu wa mu ofesi akanaliyankha asanamalize n'komwe kapu ya tiyi.

Chachiwiri: werengani kaye, mupeze khomo lanu

Musapite kukafunsa zimene zalembedwa kale poyera. Pezani chidziwitso cha chaka chatha choitana ofunsira malo, cha NCHE ndi cha yunivesiteyo. Chimatuluka m'nyuzipepala ndi pa masamba awo a pa intaneti, ndipo aphunzitsi aakulu ambiri amasunga kope. Chiwerengeni kawiri, cholembera chili m'manja, mukudula mzere pansi pa mawu alionse amene sanakumvekereni. Mafunso anu abwino atuluka pa mizere imeneyo.

Mukawerenga muona kuti makomo olowera ndi angapo. Wa MSCE amayamba ndi chaka chokonzekera, chimene ambiri amati premed kapena foundation, kenako zaka zisanu za digiri ya udokotala, yotchedwa MBBS. Wa A-Level, mayeso a pamwamba pa MSCE, amene wakhoza bwino masayansi ali ndi njira yake yolowera molunjika m'chaka choyamba. Amene ali kale pa ntchito ya chipatala ndi dipuloma, kapena ali ndi digiri ina ya sayansi, amatsata chidziwitso chimene yunivesite imatulutsa yokha, ndipo masiku ake sayenderana ndi a NCHE. Dziwani khomo lanu musananyamuke, chifukwa funso loyamba limene akakufunseni ndi lakuti, "Muli ndi pepala lanji?"

Chachitatu: sankhani nthawi, ndipo pemphani kaye

Nthawi yabwino ndi pamene fomu zisanatuluke. Zikangotuluka, ofesiyo imasanduka msika: mzere mpaka panja, foni zikulira, aliyense ali ndi vuto lake lachangu. Sabata yolandira ophunzira atsopano ndi ya mayeso nazonso zipeweni. Ngati muli mu Fomu 3 kapena kumayambiriro kwa Fomu 4, ndiye mwachita mwayi woposa onse, chifukwa maphunziro oti mudzalembe mukhoza kuwakonzabe.

Lembani imelo kapena imbani foni pa nambala imene ili pa tsamba lenileni la sukuluyo, osati imene wina waponya pa gulu la WhatsApp. Uthenga ukhale waufupi. Mu Chingerezi kapena m'Chichewa, ukhale wotere:

"Zikomo bwana Registrar. Ndine wophunzira amene ndinalemba MSCE chaka chatha ndipo ndikufuna kudzafunsira malo a MBBS. Ndawerenga chidziwitso cha chaka chatha koma pali mfundo zitatu zimene sindinamvetse, makamaka yokhudza kubwereza mayeso. Ndimapempha ngati ndingabwere kwa mphindi khumi tsiku limene lingakukomereni, kapena mundilozere kwa amene angandithandize."

Basi. Musalembe mbiri ya moyo wanu, za mmene munkalotera udokotala muli mu Sitandade 2. Ndipo imelo yanu ikhale ya dzina lanu lenileni. Zija za "mfumukazi ya swaga" zisiyireni anzanu a pa Facebook.

Pakapita sabata osayankhidwa, imbani foni. Mukalephera apanso, pitani ndithu, m'mawa, pakati pa sabata, nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Kwa amene muli kutali, ku Chitipa kapena ku Nsanje, musawononge ndalama ya basi musanatsimikize kuti munthuyo mukamupeza. Foni ya mphindi zisanu yokonzekera bwino imagwira ntchito yomweyo. KUHeS ilinso ndi masukulu ake ku Lilongwe, kotero a m'chigawo chapakati funsani kaye kumeneko ngati nkhani yanu ingathekere pafupi.

Chachinayi: envelopu

Tengani satifiketi ya MSCE kapena notification ya zotsatira, chiphaso cha unzika, ndi mafotokope a zonsezi. Ngati munalemba kawiri, mapepala onse awiri. A dipuloma tengani transcript, pepala la magiredi anu onse, ndi umboni woti munalembetsa ku bungwe loyang'anira ntchito yanu. Kabuku ndi cholembera musaiwale. Zoyambirira zenizenizo muzionetsa chabe, osazisiya m'manja mwa munthu.

Musanatseke envelopuyo, yalani mapepala onse pa tebulo muone ngati dzina lanu lalembedwa mofanana paliponse. Kwathu kuno n'zosadabwitsa kupeza munthu ali Chimwemwe pa satifiketi, Mwemwe pa chiphaso, ndipo dzina la bambo lili ndi "h" pepala lina, pepala lina alibe. Tsiku lobadwa nalonso limasemphana, makamaka kwa amene analembetsedwa sukulu ndi agogo. Kukonza zoterezi kumadya masabata, ndiye ngati zilipo, likhale funso lanu loyamba.

Chachisanu: mafunso, pamene pagona nkhani yonse

Funso lakuti "kodi ndingatengedwe?" n'lopanda ntchito. Palibe wa mu ofesi wanzeru zake amene angayankhe kuti inde, chifukwa zimatengera mmene anzanu a chaka chimenecho akhozera ndi malo amene alipo. Akangokuuzani kuti "yesani mwayi", inu n'kubwerera chimanjamanja. Funsani zinthu zimene zili ndi yankho.

Yambani ndi magiredi. Ikani pepala lanu pa desiki n'kufunsa kuti, pa maphunziro amene amawerengera udokotala, ndi liti pamenepa limene silikufika pa mlingo? Funsaninso ngati poyerekeza ofunsira amayang'ana mapointi a maphunziro onse asanu ndi limodzi kapena amaika mtima pa Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi. Kusiyana kwake n'kwakukulu: anthu awiri a mapointi ofanana akhoza kukhala kutali ngati Karonga ndi Mulanje. Ngati munalemba pa silabasi yakale imene Physics ndi Chemistry zinali phunziro limodzi la Physical Science, funsani mmene amaliwerengera.

Kenako za kubwereza. Kodi amalola kuphatikiza zotsatira za zaka ziwiri, kapena zonse zichokere pa mayeso amodzi? Nanga satifiketi imakhala yovomerezeka kwa zaka zingati kuchokera pamene munalemba? Mafunso awiriwa ndi amene amaweruza ngati mukabwereze phunziro limodzi, kubwereza onse, kapena kufunsira chaka chomwechino. Musalole kuti ayankhidwe ndi mnzanu wa pa malo ochezera. Malamulo amenewa amasintha, ndipo wolakwitsa amalipira ndi chaka cha moyo wake.

China chimene ana ambiri safuna kumva: funsani za maphunziro ena. KUHeS siphunzitsa MBBS yokha. Kuli Pharmacy, Physiotherapy, Medical Laboratory Sciences, unamwino ndi uzamba, komanso udokotala wa mano umene unayamba mu 2019. Funsani kuti ndi magiredi anuwa, ndi ati mwa amenewa amene muli ndi mpata weniweni, ndiponso ngati kasanjidwe ka zisankho pa fomu kali ndi mphamvu. Ndipo funsani mosapsatira ngati munthu atalowa pulogalamu ina angathe kudzasinthira ku udokotala ali mkati. Ana ambiri amalowa ndi maganizo oti "ndikasintha ndikafika", pomwe sanafunsepo ngati khomo limenelo lilipo n'komwe.

Za chaka chokonzekera musazilumphe. Funsani kumene chimachitikira, ndi zimene zimafunika kuti munthu apitirire m'chaka choyamba. Kusankhidwa si kufika.

Ndiye ndalama. Apa makolo tcherani khutu. Funsani fizi ya chaka chino, mmene amalipirira, ndi ngati malo ogona alipo okwanira ophunzira atsopano kapena ena amakachita lendi kunja. Loni ya boma imachokera ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, ndipo ili ndi fomu yakeyake ndi masiku akeake. Kusankhidwa ku yunivesite sikutanthauza kuti loni yabwera yokha. Funsaninso za zinthu zimene fizi siyiphimba: laputopu, gauni yoyera, stethoscope, ndi maulendo, pakuti maphunziro a udokotala satherapo pa Blantyre pokha. Pali nthawi imene ophunzira amakakhala ku Lilongwe ndi ku Mangochi. Werengerani bwino zaka: chimodzi chokonzekera, zisanu za digiri, kenako internship, yomwe ndi kugwira ntchito moyang'aniridwa m'chipatala chachikulu, musanalembetsedwe mokwanira ku Medical Council of Malawi. Banja limene likugulitsa ng'ombe kuti mwana ayambe liyenera kudziwa kutalika kwa ulendowu lisanagulitse yoyamba.

Amene muli ndi ulumali kapena matenda okhalitsa, funsani thandizo limene lilipo ndi pamene muyenera kulemba zimenezi pa fomu. Ndi bwino azidziwe msanga kusiyana n'kukazitulukira tsiku logawa zipinda, inu mutapatsidwa cham'mwamba.

Pa mafunso onsewa sankhani asanu kapena asanu ndi limodzi amene akukhudza inuyo, muwalembe m'kabuku motsatana ndi kulemera kwake. Mphindi khumi sizichedwa kutha.

Chachisanu ndi chimodzi: tsiku lenilenilo

Ku Blantyre sukuluyi ili mu msewu wa Mahatma Gandhi, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, cha Gulupu chija. Wokwera minibasi kuchokera ku Limbe kapena m'tauni atsike pa Ginnery Corner, kotsalako ndi kwa wapansi. Valani zaukhondo, zoti mungapite nazo ku tchalitchi kapena ku mzikiti, suti siyofunika. Alonda a pa geti apatseni moni mwaulemu ndi kuwauza kumene mukupita, chifukwa iwo ndi amene amadziwa khomo loyenera ndi amene watuluka.

Mukalowa, zimayenda motere:

"Odi, mayi. Mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu. Tikuthandizeni?"

"Ndine uja ndinalemba imelo Lolemba, za MBBS. Ndabwera ndi zotsatira zanga, ndipo ndili ndi mafunso asanu. Loyamba ndi la Chemistry."

Mwaona? Palibe kuzungulira. Munthu wotanganidwa akamva kuti mafunso ndi asanu, mtima umakhala pansi, amadziwa kuti simugona pomwepo.

Tinaleredwa kuti pamaso pa akulu mwana aziyang'ana pansi ndi kuyankha motsitsa mawu. Ulemu umenewo ndi wabwino, koma mu ofesi musafike pomangoti "eya, eya" pa zinthu zimene simunamve. Akanena mawu achilendo, nenani kuti, "Pepani mayi, pamenepo mundibwerezere." Lembani zimene akunena iwo akuona. Pomaliza werengani mokweza zimene mwalemba: "Ndiye mwati ndikabwereza, zotsatira zake muziwerenga motere, ndamva bwino?" Zolakwika zambiri zimagwidwa pamenepa. Funsaninso kumene mfundoyo inalembedwa, kuti mukaione nokha, ndipo dziwani udindo wa amene mwalankhula naye.

Kwa makolo, ndikupempheni ndi ulemu wonse: perekezani mwana, koma mulekeni alankhule yekha. Ndaonapo bambo akufotokoza kwa mphindi khumi mmene mwana wawo alili wanzeru, mwanayo ali duu pakona ngati wabwera kudzaweruzidwa mlandu wa mbuzi. Amene adzaime pamaso pa odwala ndi iyeyo. Inu funso lanu ndi la fizi, ndipo likafika mulifunse ndithu.

Musanyamule kanthu. Nkhuku ayi, thumba la mpunga wa Kilombero ayi, "ya fanta" ayi. Mukamuika wa mu ofesiyo pa mpanipani, ndipo nkhani yake dzina lake ndi katangale. Chimodzimodzi, wina akakukokerani pambali panja pa geti, kapena kukuimbirani madzulo kuti ali ndi munthu wake mkati, mungotumiza kangachepe pa foni kuti dzina lilowe, dziwani kuti mwakumana ndi dobadoba. Ndalama iliyonse yovomerezeka imalipiridwa ku akaunti imene yalembedwa pa chidziwitso, ndipo mumalandira risiti.

Mukatuluka, musathamangire minibasi. Mukaona ophunzira atakhala pa kapinga kapena pogulira chakudya, apatseni moni n'kufunsa za moyo wa pamenepo: chakudya, malo ogona, phunziro limene limagwetsa anthu m'chaka choyamba. Iwo amanena zimene ofesi siyinganene. Koma pa za malamulo olowera, mawu a ofesi ndiwo muwagwire.

Chachisanu ndi chiwiri: mukafika kunyumba

Tsiku lomwelo, zinthu zisanazizire m'mutu, khalani pansi ndi kholo kapena mphunzitsi amene mumamukhulupirira, mugamule chochita. Njira zake nthawi zambiri zimakhala zitatu. Mapepala ali bwino: lembani pa kalendala masiku otsegulira ndi otsekera fomu, konzani mafotokope ndi ndalama yofunsira. Pali phunziro lopunduka: thamangirani kukalembetsa mayeso a MANEB nthawi isanathe, ndipo pezani sukulu imene ili ndi labotale yeniyeni, chifukwa Chemistry ya pa bolodi yokha ndi imene inakugwetsani poyamba. Kapena mpata wa MBBS ndi wochepa kwambiri: yang'anani mapulogalamu ena aja, kapena za clinical officer ku Malawi College of Health Sciences ndi m'makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga Malamulo ku Thyolo. M'zipatala zathu za m'maboma, odwala ambiri amene amati "ndaonana ndi adokotala" amakhala ataonana ndi clinical officer, ndipo ambiri a iwo amachita ngakhale maopaleshoni a amayi oyembekezera. Si ntchito yoipeputsa.

Tumizani uthenga wa mizere iwiri wothokoza. Mukatero musamawavutitsenso sabata ndi sabata. Mubwererenso pokhapokha pakabuka funso latsopano.

Kwa amene maso ali kunja

College of Medicine isanatsegulidwe mu 1991, Mmalawi wofuna udokotala ankayenera kuwoloka malire. Kamuzu Banda mwiniwakeyo anamaliza ku Meharry Medical College ku Nashville, ku America, mu 1937. Lero anthu akupitabe, ndipo ana a abale athu a ku Leeds, Johannesburg ndi Lusaka akufunsira komweko. Kumeneko kucheza ndi a ofesi kumachitika kwambiri pa imelo, pa Zoom, kapena pa masiku amene sukulu imatsegula zitseko kwa alendo, koma mafunso ake amasinthako.

Loyamba likhale lakuti pepala lanu amaliwerenga bwanji. Ku Britain MSCE yokha siyikwanira udokotala, amafuna A-Level kapena zofanana nayo. Amafunsira kudzera ku UCAS, bungwe lolandira fomu za mayunivesite a kumeneko; tsiku lotsekera maphunziro a udokotala limakhala pakati pa Okutobala, pafupifupi chaka chathunthu sukulu isanayambe, ndipo pa zisankho zisanu, zinayi zokha ndi zimene zingakhale za udokotala. Sukulu zambiri zimafunanso mayeso olowera otchedwa UCAT. Ku America munthu amayamba wamaliza digiri ina, n'kulemba mayeso olowera otchedwa MCAT, ndipo si sukulu zonse zimene zimalandira anthu ochokera kunja, ndiye funso loyamba kumeneko ndi limenelo musanataye ndalama ya fomu. Funsaninso kulikonse ngati muwerengedwa ngati mbadwa kapena mlendo pa nkhani ya fizi, chifukwa kukhala m'dziko zaka zingapo sikutanthauza kuti nkhaniyi yatha yokha.

Ndipo ngati pali ejenti amene akukulonjezani malo ku sukulu ya kutali imene simunaimvepo, ndi zithunzi za nyumba zonyezimira, kumbukirani chikomekome cha mkuyu. Lemberani sukuluyo nokha, osadzera mwa ejentiyo, mufunse chilankhulo chimene amaphunzitsira m'kalasi ndi chimene odwala amalankhula m'mawodi. Onani ngati ili mu World Directory of Medical Schools, kaundula wa sukulu za udokotala za padziko lonse. Kenako, musanalipire tambala, pitani kapena lemberani ku Medical Council of Malawi ku Lilongwe, mutchule dzina la sukuluyo, mufunse ngati digiri yake amaivomereza ndi zimene mudzayenere kuchita pobwera kuti mulembetsedwe. Yankho lawo lipempheni pa kalata, ndipo kalatayo muisunge mu envelopu ija pamodzi ndi satifiketi.